Mkokomo wa pa Njakwa ndi Mau Otsanzira Phokoso m'Chingerezi

Munthu wochokera ku Mzuzu akafika pa Bwengu nasiya mseu waukulu wa ku Karonga, kukhotera kumanzere kulunjika ku boma la Rumphi, sayenda nthawi yaitali asanafike pamalo pamene mapiri ayandikana ngati zitseko ziwiri zimene wina waiwala kutseka. Pamenepo ndiye pa Njakwa. Mtsinje wa South Rukuru, umene wayenda ulendo wautali kuchokera ku Mzimba, kudutsa m'madambo a ku Vwaza mosafulumira konse, umafika apa ndi kupeza kuti njira yapanikizika pakati pa matanthwe. M'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi madzi ake amakhala ofiirira ndi dothi, ndipo munthu woima pa mlatho amayenera kukweza mau kuti mnzake amumve. Pofika mwezi wa Okutobala mtsinje womwewo umakhala utaphwa, miyala ili poyera, madzi akungoyenda mwakachetechete kutsikira m'chigwa cha Henga pa ulendo wao wa kunyanja.

Nanga phokoso limenelo munthu angalilembe bwanji papepala? Funsoli lingaoneke ngati la anthu osowa chochita, koma mwana aliyense wa sukulu wa m'dera limeneli amakumana nalo, ndipo amakumana nalo katatu: m'Chitumbuka chimene anayamwira, m'Chichewa chimene amaphunzira ngati phunziro, ndi m'Chingerezi chimene chimamtsegulira kapena kumtsekera khomo la ku koleji ndi la ntchito.

Mnyamata wa Fomu 2 akhoza kuona ngozi yaing'ono pafupi ndi mlatho Loweruka m'mawa. Bambo wina wanyamula thumba la chimanga panjinga, ndipo gudumu lagunda mwala. Madzulo mnyamatayo akufotokozera agogo ake m'Chitumbuka, ndipo m'Chichewa nkhaniyo ingamveke chonchi: "Agogo, mukanaona inu! Njinga ija inangoti gwede! Thumba phi! pansi, chimanga mbwee! mumseu, eni ake gubudu! m'ngalande. Anthu onse kakasi. Kenaka bambo aja nyamu! maso cheucheu, nkuyamba kutola chimanga chao mutu uli zyoli." Agogo aja aseka mpaka misozi, chifukwa ngoziyo aiona ngakhale sanachoke pakhonde. Lolemba aphunzitsi a Chingerezi apereka chimangirizo cha mutu wa ngozi imene wophunzira anaionapo. Mnyamata yemwe uja alemba kuti: "The man fell down. The bag also fell down. People were very surprised." Galamala yake ilibe cholakwa chilichonse. Aphunzitsi aika malikisi apakatikati, nalemba m'mphepete kuti nkhaniyo ilibe moyo. Akunena zoona, koma sanamuuze mwanayo kumene moyowo wathawira.

Timau tija, gwede, phi, mbwee, gubudu, nyamu, m'galamala ya Chichewa timatchedwa amvekero. Chingerezi chili ndi achibale ao, ndipo dzina lao ndi liu lalitali limene limazunza ophunzira polilemba: onomatopoeia. Lili ndi malembo 12, ndipo 8 mwa iwo ndi malembo a liu. Linachokera ku Chigiriki, kumene onoma ndi dzina ndipo poiein ndi kupanga. Tanthauzo lake tsono ndi kupanga dzina, ndiye kuti kutcha chinthu potsata m'mene chikumvekera. Njuchi ikamauluka Angerezi amati "buzz", njoka ikaopseza amati "hiss", mwala ukagwera m'madzi amati "splash", mfuti "bang", nthambi youma "crack", koloko "tick-tock". Mbalame ina ya kwao anangoitcha "cuckoo" chifukwa ndi m'mene imalirira, monganso khwangwala wa kuno ananyamula dzina lake kukhosi kwake komwe, ndipo njinga yamoto ena amaitcha mthuthuthu.

Apa pali msampha woyamba. Wophunzira angaganize kuti popeza mauwa amatsanzira phokoso, ndiye kuti ndi osavuta, ndipo munthu akhoza kungowalota. Ai ndithu. Tambala wa pa Njakwa ndi tambala wa ku London amalira chimodzimodzi, koma wa kuno amati kokoliriko, pamene Mngerezi amamva "cock-a-doodle-doo". Mfalansa amamva "cocorico", Mjeremani "kikeriki", ndipo wa ku Japan "kokekokko". Onsewa agwirizana pa kamvekedwe ka k kokha basi. Galu amene kuno amauwa kuti hu! hu! ku England amati "woof" kapena "bow-wow". Khutu la munthu silimva phokoso lokhalokha. Limamva kupyolera m'chilankhulo chimene munthuyo anakulira, ndipo limasefa phokosolo monga sefa amasefera ufa, kusiya zokhazo zimene lilime lake lingathe kutchula. Chotero mau otsanzira phokoso a m'Chingerezi ayenera kuphunziridwa monga mau ena onse.

Pali ndithu malo ena pamene zilankhulo zotalikirana zimakumana modabwitsa. Amai akamaliza nthungululu paukwati, Chingerezi chimati "ululate", liu limene chinabwereka ku Chilatini. Mau awiriwa sanabwerekane, koma onse ali ndi ulu m'kati mwao, pakuti lilime la mai wa ku Bolero ndi la mai wa ku Rome wakale limagunda m'kamwa mofanana. Kubwebweta kwa munthu wodwala malungo kukufanana ndi "babble". Agiriki akale akamva mlendo akulankhula chilankhulo chosadziwika ankangomva bar-bar-bar, ndipo anamutcha barbaros. Kumeneko ndiko kunachokera liu lachipongwe lija lakuti "barbarian", limene poyamba silinkanena za nkhanza konse, koma za munthu wobwebweta zosamveka.

Vuto lachiwiri lili pakamwa. M'Chichewa ndi m'Chitumbuka phatikizo limathera pa lembo la liu: ma-dzi, mtsi-nje, gu-bu-du. Chingerezi sichisamala zimenezo. Liu lakuti "splash" limayamba ndi malembo atatu opanda liu ataunjikana pamodzi, pakati pali lembo la liu limodzi, ndipo limathera pa kamphepo kotuluka pakati pa mano. Lonselo ndi phatikizo limodzi, ndipo mphamvu yake yagona pomwepo: mwala wagwa, madzi athovoka, zatha m'kuphethira kwa diso. Mwana wa kuno akalitchula momwe lilime lake linazolowerera limatuluka sipulashi, maphatikizo anai, ndipo mwala uja ukuoneka ngati ukutsika ndi chingwe. Chimodzimodzi "crack" akasanduka kiraki, nthambi ija sikuthyokanso, ikungopindika. Mphunzitsi amene amathera mphindi zisanu kuphunzitsa ana kutchula "splash", "crunch", "thump" ndi "click" mwachidule, osaonjezera lembo kumapeto, sakutaya nthawi. Mau amenewa ndi abwino kuphunzitsira katchulidwe kuposa ena onse, chifukwa mwana amamva yekha kuti akalitalikitsa liulo lafa.

Palinso nkhani ya l ndi r. Kuno malembo awiriwa ali ngati mapasa ovala malaya amodzi, ndipo munthu akati Chingelezi kapena Chingerezi palibe amene amasokonezeka. M'Chingerezi ndi anthu awiri osiyana. "Crash" ndi galimoto kuomba mtengo kapena mbale kugwa ndi kusweka. "Clash" ndi zitsulo ziwiri kugundana, ndipo kuchokera pamenepo liulo limanenanso za magulu awiri olimbana. Wophunzira akalemba kuti basi inachita "clash" pa Chiweta, woyesa mayeso amadabwa kuti basiyo inakangana ndi yani.

Angerezi amaseweranso ndi malembo a liu m'njira imene mwana wa kuno angaizindikire msanga akaonetsedwa. Matambula awiri akagundana pang'ono amati "clink". Unyolo ukagunda chitsulo amati "clank". Chitseko cha lole chikatsekedwa amati "clunk". Malembo ena onse ndi omwewo, koma pamene kamwa likutseguka kapena liu likutsikira kukhosi, chinthucho chikukula ndi kulemera. M'chaka cha 1929 katswiri wa zilankhulo wa ku America, Edward Sapir, anayesa anthu ndi mau awiri opanda tanthauzo, mil ndi mal, nawafunsa kuti ndi liti limene likuyenera tebulo lalikulu. Ochuluka anasankha mal. Chinanso ndi chakuti mau oterewa akabwerezedwa, la i limatsogola nthawi zonse: "tick-tock", "ding-dong", "flip-flop", "zig-zag", "ping-pong". Palibe Mngerezi amene anganene tock-tick, ngakhale ambiri a iwo sanamvepo kuti pali lamulo lotere.

Koma zonsezi ndi nthambi chabe. Tsinde la vuto la mnyamata uja lili pa kusiyana kwa kamangidwe ka chiganizo, ndipo apa ndi pamene mphunzitsi ayenera kuchedwapo.

M'Chichewa mneni amanena chochitikacho mwachidule, ndipo chithunzi chimabwera padera, kunja kwa mneniyo. Munthu amati anagwa, kenaka aonjezera kuti khu! Amati anayenda, naonjezera kuti dzandidzandi, kapena nyang'anyang'a. Nthawi zambiri mneni weniweni amachokeratu, nkutsala kamneni kakang'ono kakuti -ti, monga anangoti tembenu, kapena osatsala kanthu konse, monga thumba phi! pansi. Mvekero amaima payekha ngati wovina amene anthu amutsegulira bwalo, ndipo wolankhula amamthandiza ndi manja, ndi nkhope, ndi kukweza kapena kutalikitsa liu. Chingerezi chimachita mosiyana. Chimatenga chithunzi chija nkuchilowetsa m'kati mwa mneni, kotero kuti liu limodzi limanyamula zonse ziwiri, chochitika ndi kachitikidwe kake. Kuyenda dzandidzandi ndi "stagger". Kuyenda nyang'anyang'a ndi "tiptoe" kapena "creep". Kupuma wefuwefu ndi "pant". Kugwa khu! monga thumba lolemera ndi "thud". Kugwa gubudu! nkugubuduka ndi "tumble". Kugwera m'madzi chubwi! ndi "plop" ngati ndi kamwala, kapena "plunge" ngati ndi munthu. Chimanga kuti mbwee! ndi "scatter". Kugwedezeka kwa njinga ija ndi "wobble".

Tsono mnyamata uja polemba chimangirizo anachita chinthu chomveka bwino. Anatenga chiganizo chake cha m'mutu, namasulira mneni: kugwa ndi "fall", kuyenda ndi "walk", kunena ndi "say". Atafika pa mvekero anayang'ana m'Chingerezi malo omuikapo, sanawapeze, ndipo anamutaya. Anamasulira theka la chiganizo, ndipo theka limene anasiya ndilo linali ndi mnofu. Pofuna kukwirira dzenjelo anathira "very", liu limene ophunzira amalithira paliponse monga mchere. Akanadziwa kuti mvekero wake ali ndi malo m'Chingerezi, koma malowo ali m'mimba mwa mneni, akanalemba kuti njinga "wobbled", thumba "thudded" pansi, chimanga "scattered", ndipo bambo aja "tumbled" m'ngalande. Nkhani ndi yomwe ija, galamala ndi yomwe ija, koma tsopano aphunzitsi akuiona ngoziyo monga anaionera agogo.

Mphunzitsi wanzeru ayambe ndi chimene mwana ali nacho kale. Asamuuze kuti aloweze mndandanda wa aneni makumi asanu ochokera m'buku. Amufunse kuti: kwanu mumati bwanji munthu akamayenda ataledzera? Nanga mphika wa nyemba ukamawira? Nanga mafuta m'chiwaya cha tchipisi? Nanga mbewa m'masamba ouma? Mwana akayankha, pamenepo ampatse "stagger", "bubble", "sizzle" ndi "rustle". Liu latsopano likakhala pamwamba pa chithunzi chimene chili kale m'mutu silichoka msanga. Ndipo mwanayo adzaona yekha kuti Chichewa nachonso chimadziwa kusandutsa mvekero kukhala mneni: phu anabala kuphulika, thyo anabala kuthyoka, cheu anabala kucheuka, gubudu anabala kugubuduka, ndipo go! go! go! wa pachitseko anabala kugogoda. Mtswatswa, mdidi ndi mkokomo ndi maina obadwa m'njira yomweyo. Chingerezi chinangopitirira pa njira imeneyi kufikira mvekero woima payekha anatsala pang'ono kutheratu. Chimene chinatsalako ndi kalankhulidwe ka ana ndi ka macheza, monga kunena kuti baluni "went pop", kamene kakufanana kwambiri ndi -ti wa kuno.

Chingerezi chilinso ndi timichira tiwiri tosonyeza kuti phokoso likubwerezabwereza, pamene Chichewa chikanangobwereza liu lonse. Timichirato ndi -le ndi -er. Nkhuni ikathyoka kamodzi ndi "crack", koma moto ukamathetheka ndi "crackle". Madzi otuluka m'botolo amachita "gurgle", mabelu ang'onoang'ono "jingle", bingu lakutali "rumble". Anyani m'matanthwe amachita "chatter", munthu wong'ung'udza "mutter", wachibwibwi "stutter", mbalame yokupiza mapiko "flutter". Wophunzira amene wagwira chinsinsi chimenechi akhoza kulota tanthauzo la mau ambiri amene sanawaonepo, ndipo pa mayeso a kumvetsa nkhani luso lotere limapulumutsa.

Chenjezo ndi lofunika pano, chifukwa ana akapeza chida chatsopano amafuna kudulira china chilichonse. Mau monga "Bang!", "Boom!" ndi "Pow!" olembedwa paokha ndi malembo akuluakulu ndi a m'timabuku ta zithunzi, ndipo chimangirizo chodzala ndi mau otere chimamveka chachibwana. Kalata yofunsira ntchito, lipoti la msonkhano ndi yankho la funso la sayansi si malo ao. Chimene chikufunika ndi mneni woyenera pamalo oyenera, m'modzi kapena awiri m'ndime. Wolemba ndakatulo wa ku America, Edgar Allan Poe, analemba ndakatulo yonse ya mabelu, imene inasindikizidwa m'chaka cha 1849, nadzazamo kulira kwa zitsulo kuyambira pamwamba mpaka pansi. Iye anali ndi chifukwa chake. Wolemba mayeso a MSCE alibe.

Pali mbali ina pamene Chingerezi chimatsalira kutali, ndipo ophunzira ayenera kuidziwa kuti aleke kuganiza kuti chilankhulo chao ndicho chosauka nthawi zonse. Onomatopoeia amatsanzira zomveka m'khutu basi. Amvekero amapitirira pamenepo. Mdima ulibe phokoso, koma kunja kumada bii. Magazi salira, koma amafiira psuu. Ufa umayera mbee, munda wa fodya umakhala biriwiri, chidebe chimadzala tho, mtengo umaima njo, m'mawa kumacha ngwee, ndipo ndiwo zopanda mchere zili zii. Chitumbuka chili ndi ake: choyera chimati tuu, chofiira chee, chakuda bii. Apa khutu likubwerekedwa kuti ligwire ntchito ya diso, ya lilime ndi ya khungu. Chijapani ndi Chikoreya zili ndi mau otere ochuluka zedi, ndipo Ajapani ali ndi liu lakuti shiin lonena za malo opanda phokoso, mbale wake weniweni wa zii. Chingerezi chili ndi timbewu chabe ta chinthu chimenechi. Mau ambiri oyamba ndi gl- amanena za kuwala: "glow", "gleam", "glitter", "glimmer", "glare". Oyamba ndi sn- amakonda mphuno: "sniff", "snore", "snort", "sneeze". Othera ndi -ash amanena za kumenya mwamphamvu: "bash", "smash", "crash", "lash". Katswiri wa ku Britain, J. R. Firth, analemba za timagulu totere m'chaka cha 1930. Koma Mngerezi akafuna kunena kuti bii amakakamizika kubwereka fanizo, nati mdimawo ndi wakuda ngati phula.

Ngati amvekero ali chuma chotere, nchifukwa ninji sukulu yakhala ikuwayang'ana ndi diso la kumbali? Mbiri yake ndi yaitali ndipo inayambira kutali. Akatswiri a ku Ulaya a zaka za m'ma 1800 ankatsutsana za chiyambi cha chilankhulo, ndipo ena ankati munthu anayamba kulankhula potsanzira nyama. Max Müller, pokamba nkhani zake ku London m'chaka cha 1861, anaseka maganizo amenewa nawapatsa dzina lachipongwe la kuuwa kwa galu, "bow-wow". Mkanganowo unatopetsa anthu kotero kuti m'chaka cha 1866 bungwe la akatswiri a zilankhulo la ku Paris linaletsa kubweretsa nkhani ya chiyambi cha chilankhulo pamisonkhano yake. Pambuyo pake buku la Ferdinand de Saussure, limene linatuluka m'chaka cha 1916 iye atamwalira kale, linakhazikitsa chiphunzitso chakuti palibe ubale wachibadwa pakati pa liu ndi chinthu chimene liulo likuimira. Galu ndi galu chifukwa anthu anagwirizana choncho, osati chifukwa dzinalo likufanana naye. Saussure anaona kuti mau otsanzira phokoso akutsutsana naye, ndipo anayankha kuti ndi ochepa, ndiponso kuti amatha msanga ngati mau ena onse. Chitsanzo chake chinali dzina la nkhunda m'Chifalansa, pigeon, limene Chingerezi chinabwerekanso. Linachokera ku liu la Chilatini lakuti pipio, lotsanzira kulira kwa mwanapiye, koma lero palibe amene amamvamo kulira kulikonse.

Pa mfundo yachiwiriyi anali ndi chilungamo. Agiriki akale ankalemba kulira kwa nkhosa ndi malembo amene pa nthawiyo ankamveka kuti bee, bee. Katchulidwe ka malembowo kanasintha m'kupita kwa zaka, ndipo Mgiriki wa lero akawerenga malembo omwewo amatchula kuti vi, vi, ngakhale nkhosa sizinasinthe maganizo. Koma pa mfundo yakuti mauwa ndi ochepa, Saussure ankaweruza dziko lonse ataima pakhomo la Chifalansa. Akanatsegula dikishonale ya Chimang'anja imene David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre anasindikiza m'chaka cha 1892, akanapeza amvekero tsamba ndi tsamba.

Amishoni ndi akatswiri oyamba anavutika kuti timau timeneti atiike m'khola liti, pakuti galamala ya Chilatini imene anakulira inalibe malo ake. Ena anati ndi aonjezi, ena anati ndi mifuu, ena anangotiona ngati zokometsera za anthu osaphunzira. Amene anatipatsa ulemu ndi Clement Doke, amene anayamba wakhala m'mishoni pakati pa Alamba ku Zambia asanakhale mphunzitsi wamkulu pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg. M'buku lake la m'chaka cha 1935 la mau ogwiritsa ntchito pofotokoza zilankhulo za Chibantu, anakhazikitsa dzina lakuti ideophone, nalongosola kuti limeneli ndi gulu la mau lapalokha, lojambula ganizo ndi liu, kaya ganizolo ndi la phokoso, mtundu, fungo kapena kachitidwe. Dzinali likugwiritsidwa ntchito padziko lonse mpaka lero.

Amalawi nao anaigwira ntchitoyi. Lupenga Mphande, mlakatuli wochokera m'boma la Mzimba, analemba kafukufuku wake wa digiri ya udokotala pa yunivesite ya Texas m'chaka cha 1989, ndipo mutu wake unali amvekero a m'Chitumbuka, chilankhulo chomwechi cha pa Njakwa. Patangopita zaka zochepa Andrew Kulemeka anachita chimodzimodzi ndi amvekero a m'Chichewa pa yunivesite ya Indiana. Ku Zambia, Ernst Wendland analemba m'chaka cha 1979 za luso la Julius Chongo, amene nthano zake za pa wailesi za Poceza m'Madzulo zinkasonkhanitsa mabanja, ndipo chida chimodzi chachikulu cha Chongo chinali mvekero. Ndiye kuti timau timene mwana amaopa kulemba m'chimangirizo poganiza kuti ndi ta kumudzi, anthu ena anavala nato mikanjo ya maphunziro apamwamba kutsidya la nyanja.

Mwana wa ku Rumphi ali ndi chifukwa china chochitira manyazi ndi amvekero a kwao. Boma limeneli ndi la anthu okonda sukulu kuyambira pamene Robert Laws anakhazikitsa mishoni ya Livingstonia pa Khondowe m'chaka cha 1894, ndipo Chingerezi chakhala chonyaditsa m'mabanja ambiri. M'chaka cha 1968 Chitumbuka chinachotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi pamene Chichewa chinakhala chilankhulo cha fuko, ndipo chinabwerera pa wailesi ya MBC m'chaka cha 1994. M'chaka cha 2014 boma linalengeza kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1. Zotsatira zake ndi zakuti chilankhulo chimene mwanayu amachidziwa mpaka m'mafupa, chimene amatha kusewera nacho ndi kuseketsa nacho agogo, ndicho chimene sachilemba m'kalasi. Amvekero a m'Chichewa amawaphunzira ngati mndandanda wa pamayeso, ndipo aneni ojambula a m'Chingerezi sakumana nao pokhapokha akakhala wowerenga mabuku a nthano, amene m'sukulu zambiri ndi osowa. Katswiri wina, G. Tucker Childs, anapeza m'zaka za m'ma 1990 kuti achinyamata olankhula Chizulu a m'mizinda ya ku South Africa ankagwiritsa ntchito amvekero ochepa kuposa anzao a kumidzi, chifukwa ankawaona ngati chizindikiro cha uchimidzi. Choopsa ndi chakuti mwana akhoza kutaya gubudu asanatole "tumble", natsala ndi kugwa ndi "fall" basi m'zilankhulo zonse zitatu.

Phunziro la zonsezi silifuna buku kapena ndalama. Mphunzitsi wa sukulu yoyandikana ndi mlatho akhoza kupita nayo kalasi yake kumeneko masana amodzi, aliyense ndi kope logawidwa m'mizere itatu. Ana atseke maso kwa mphindi ziwiri. Kenaka alembe chimene amva, poyamba m'Chitumbuka, pambuyo pake m'Chichewa, ndipo mzere wachitatu adzaze pamodzi ndi mphunzitsi. M'nyengo ya mvula mzere wachitatuwo udzakhala ndi "roar" ndi "rush" ndi "thunder", pakuti Angerezi amabwereka bingu ponena za madzi amphamvu. M'chilimwe udzakhala ndi "trickle", "gurgle" ndi "murmur". Lole yonyamula mabelo a fodya ikadutsa, adzapeza "rumble" wa injini, "rattle" wa zitsulo zomasuka ndi "screech" wa mabuleki pokhota. Padzakhala mikangano, chifukwa wina adzati madziwo akuti waa pamene mnzake akuumirira kuti akuti khuu, ndipo mphunzitsi asafulumire kuweruza, pakuti mwina wina akumvera madzi a pamwala ndipo mnzakeyo akumvera a pansi pa mlatho.

Loleyo ikapita, phokoso lake nkuzimirira cha ku Bwengu, mwana wina adzakweza dzanja. "Aphunzitsi, nanga tsopano kwangoti zii. M'Chingerezi timati chiyani?" Mphunzitsi adzapereka "silence", adzapereka "hush", mwinanso "stillness". Mwanayo adzalemba atatu onsewo, koma adzafunsanso kuti mwa amenewa ndi liti la chete, pamene anthu aleka kulankhula, ndi liti la phee, pamene mwana wolira wagona tulo, ndi liti la zii weniweni, pamene pamudzi palibe ndi nkhuku yomwe. "Hush" adzagwirizana ndi chete, "stillness" adzayandikira phee, ndipo pa zii mzere wachitatu udzatsala wopanda kanthu kufikira belu lowerukira.